Kamakina ka Kuchipinda kwa Alamu

"Mzime, tasiya kaye makapuwo. Ndikufuna chithunzi chija."

Amayi ake anali ataima pakhomo la khitchini atanyamula felemu yopanda kanthu, imene anaitola penapake m'nyumbamo n'kuipukuta mpaka galasi kuwala.

"Chithunzi chiti, amayi?"

"Chija mlongo wako ali pamapewa pa malemu bambo ako, atawagwira makutu ngati akuwongolera njinga. Paja anati zithunzi zonse anazilowetsa m'kamakina ka kuchipinda kwake? Unditulutsire chimenecho ndikachipachike kwanga. Awiriwo akhale pakhoma limodzi."

"Chabwino, amayi. Ndikangomaliza apa."

Anayankha mosavuta, monga mmene munthu amayankhira akatumidwa madzi akumwa. Koma asanatsukuluze kapu ina, manja anaima okha m'beseni. Kamakina ka kuchipinda. Dzulo sanakaganizire n'komwe.

Mlongo wakeyo, mwana wamwamuna wachisamba m'banjamo, anali ataikidwa m'manda dzana. Anagwa pamasitepe a ofesi, chikwama cha laputopu chili kumsana, ndipo pofika naye kuchipatala n'kuti mtima utaleka kale. Iye ndi Mzime, wotsiriza kubadwa monga dzinalo likunenera, anali ndi kakampani kosamalira maseva, makompyuta osagona aja amene amasungira anthu zinthu zawo: a kachipatala kena, a sukulu zingapo, a kampani ya malole. Achibale ntchitoyo sankaimvetsa. Ankangoti awiriwo amagwira za mawaya, ndipo wailesi ikafa ankabwera nayo.

Maseva akachuluka sungamawakonze imodziimodzi. Umalemba malangizo m'pulofailo, ndipo seva iliyonse imawerenga pulofailo yake n'kudzikonza yokha: ndani aloledwe kulowa, uthenga wa ngozi upite pafoni ya yani, ntchito yakuti izichitika nthawi yanji. Iwo anali ndi pulofailo yaikulu imodzi, ndipo pansi pake panali mapulofailo aang'ono, ya chipatala, ya sukulu, ya malole. Cholembedwa m'yaikulu chimatsikira mwa aang'ono onse, pokhapokha yaing'onoyo italemba zakezake pankhani yomweyo. Ikakhala chete, ndiye kuti yavomera. Malemu ankati kulemba m'yaikulu kuli ngati kuthira mchere mumphika: ukalakwitsa, wadyetsa nyumba yonse.

Apa ndi pamene awiriwo ankasiyana. Malemu anali munthu wa pang'onopang'ono, wokonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mpaka Mzime ankalakalaka kumugenda ndi kapu ya tiyi. Chinthu chimodzi ankalolera kuchilemba mobwerezabwereza m'mapulofailo aang'ono. Mzime ankati kumeneko n'kusewera ndi nthawi: lemba kamodzi pamwamba, onse atengere. Chaka chatha a kuchipatala analamula kuti zofufutidwa zizipukutidwa tsiku ndi tsiku. Paja chinthu ukachifufuta m'kompyuta sichichoka pomwepo, chimangotaya dzina, ndipo wodziwa angathe kuchitolanso m'disiki. Koma chopukuta chikadutsapo, ndiye kuti chapita. Malemu anati, "Chopukutacho uchiike m'pulofailo ya chipatala mokha." Mzime anachiika m'yaikulu, ndipo mkanganowo anapambana ndi iye, poti pakamwa pake panali pakuthwa kuposa pa mlongo wake.

Ndiye kunabwera dzulo. Foni ya malemu inali ikungolira pakabati, maseva akuitana munthu amene kulibe. Mkazi wa malemu, alamu ake a Mzime amene anabwera m'banjamo iye akadali pasukulu, ananena ali chigonere kuti, "Mzime, chonde itontholetse foniyo." Kenako woyang'anira chipatala anaimba, anapepesa maliro m'mawu awiri, n'kufunsa kuti makiyi a malemu olowera m'maseva ali m'manja mwa yani tsopano, poti pamaliro foni imadutsa m'manja ambiri. Mzime anakhala pakhonde natsegula pulofailo yaikulu. Akanatha kungoitseka akauntiyo n'kuisiya. Koma dzina la mlongo wake linkamubaya m'maso paliponse pamene wayang'ana, ndipo analemba zimene amalembera wantchito amene wachoka: akaunti ichotsedwe, pamodzi ndi foda yake. Anadina. Foni inatonthola, iye n'kukagona ngati wachita chanzeru.

Tsopano anasiya makapu ali ndi thovu, natenga laputopu, nakabisala nayo kuseri kwa nyumba, pakati pa zovala zoyanika. Kamakina ka kuchipindako kanali kaseva ka banja, kamene malemu anakalumikiza kalekale ndi zotsalira za ku ofesi, ndipo pulofailo yake inali pansi pa yaikulu ngati zinzake zonse. Mzime ankadziwa zimenezo. Palibe anamubisira. Anangoiwala, chifukwa m'mutu mwake kamakinako sikanali ka kuntchito, kanali ka kunyumba.

Uthenga womaliza umene kanatumiza unali waufupi: akaunti yachotsedwa, foda yachotsedwa. M'fodamo ndi mmene munali zithunzi. Munali za ukwati wa malemu, za mwana wawo wamkazi kuyambira ali m'matewera, ndi zonse zimene malemu ankakokolola m'mafoni a abale akadzaza. Munalinso zakalekale za amayi, zimene anazijambulanso chimodzichimodzi denga la kwa amayiwo lisanadonthe n'kuwoletsa alubamu yonse. Nkhope ya bambo awo inatsala mmenemo mokha.

Kope lina linalipo, malemu sanali munthu wosunga zinthu pamalo amodzi. Linali pa seva ya ku ofesi, m'foda ya akaunti yomweyo. Koma seva ya ku ofesi nayonso inamvera pulofailo yaikulu, ndipo chopukuta chinadutsamo mbandakucha, monga mmene Mzime mwiniwake analembera chaka chatha.

Anatsegula pulofailo ya kamakinako mtima uli m'mwamba. Inali yaifupi. Chopukutacho malemu sanachizimitse, koma anasintha nthawi yake, kuchoka mbandakucha kupita masana dzuwa lili paliwombo, kuti phokoso la disiki lisamadzutse anthu ogona m'chipindamo. Mzime anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali likadali cha kummawa. Zithunzizo zinali zikadali m'disikimo, zopanda mayina koma zathunthu, ndipo chofunika chinali chimodzi basi: kamakinako kazime masana asanakwane.

Kukazimitsa ali pomwepo sikukanatheka. Khomo lolowera m'kamakinako linali akaunti ya malemu yokha, ndipo khomolo anali ataligumula yekha. Kusintha pulofailo nakonso sikukanathandiza, popeza kamakinako kankawerenga malangizo atsopano madzulo okha. Panatsala njira imene ngakhale mwana amaidziwa, kulowa m'chipindamo n'kuzula nthambo.

Koma pakhomo la chipindacho panali aHedi.

AHedi anali alongo awo aakulu a alamuwo. Anapuma kalekale pantchito yoyang'anira sukulu, koma uhediwo sunapume mwa iwo. Tsiku loika maliro analengeza kuti m'chipinda cha malemu musakhudzidwe kanthu mpaka mabanja awiriwo atakhala pansi, ndipo kuti mawuwo asauluke ndi mphepo, anakokera mpando m'kolido n'kukhalapo, nyuzipepala ili pamwendo. Tisawanamizire, sanali munthu woipa. Anali ataona akazi amasiye ambiri akutsala chimanjamanja abale a mwamuna atasesa nyumba, ndipo analumbira kuti mlongo wawo zimenezo sizimuonekera.

"Mwadzuka bwanji, aHedi?"

"Tadzuka, achemwali. Nanga laputopu m'manja m'mawa uno, ntchito yayambika kale?"

"Ayi, ndimati ndilowe pang'ono. Pali kamakina kaja kapakona."

"Katani?"

Apa ndi pamene akanangonena. Mawu anali pamlomo: ndalakwitsa, ndafufuta zithunzi, ndiloleni ndikazule nthambo. Koma anamva mmene mawuwo akanamvekera m'kolidomo, azakhali a mbali zonse ziwiri atatchera khutu pabalaza. Manda asanaume, mlongo wake wafufuta kale dzina la malemu pakampani. Ndani akanakhulupirira kuti kunali kuiwala chabe?

"Kakufunika kuzimitsa. Kakungotha magetsi."

AHedi anavula magalasi, nawapukuta ndi ngodya ya malaya mosafulumira.

"Magetsi asakudetseni nkhawa. Dzulo mwakhala pakhonde ndi laputopu yanuyo, foni ya malemu n'kusiya kulira. Lero mukufuna makina a kuchipinda. Ine za mawaya sindizidziwa, achemwali, koma ana obisa kanthu kumbuyo ndawaona zaka zambiri. Mlongo wanga wangopeza kumene tulo, usiku wonse sanatseke maso. Mudikire tikhale pansi tonse."

"Tikhala liti?"

"Madzulo."

Mzime anabwerera ngati mwana amene wabwezedwa pageti pasukulu. Anapsa mtima ndi aHedi, koma mkwiyowo sunachedwe, chifukwa ankadziwa kuti bodza la magetsilo ndi iye analisankha.

Bodzalo linamupatsa nzeru ina. Anazungulira kuseri kumene kunali kabokosi ka magetsi a nyumba yonse, nayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa swichi yaikulu. M'nyumbamo filiji inasiya kung'ung'udza, ndipo azakhali ena anafuula kukhitchini kuti, "Aa, apita! Madzi a tiyi asanawire n'komwe!" Mzime ananyang'ama mpaka pawindo la chipinda cha alamu natchera khutu. Mkatimo munali kulira kanthu, pii, n'kupuma, pii. Linali batire limene malemu anaika pansi pa kamakinako, lalikulu loti likanakayendetsa mpaka dzuwa kulowa. Munthu uja ankaganizira chilichonse, kupatula kuti tsiku lina mlongo wake adzafuna kuti zinthu zizime.

Polowa m'nyumba anakumana ndi aHedi akutuluka.

"Kwa aneba wailesi ikulira," anatero iwo. "Vuto lili pathu pano. Ndikaone kabokosi kaja."

Mpando wa m'kolido unatsala wopanda munthu, nyuzipepala itagwera pansi. Mzime anafika pachitseko nagwira chogwirira. Panalibe womuletsa. Anatsegula pang'ono. M'chipindamo munali mdima wa makatani, ndipo alamu anali atagona chopenyetsa kukhoma, atakumbatira jekete ya malemu. Pakona, kuseri kwa bedi, kanyali kobiriwira ka kamakinako kankaphethira. Kuti akafike kumeneko ankayenera kudutsa pamiyendo pa alamuwo, ndipo iwo akanadzuka, akanafunsa, iye n'kuyankha akuwayang'ana m'maso.

Anadziuza kuti si bwino kudzutsa munthu amene wangopeza kumene tulo. Anadziuza kuti posachedwa alamu adzuka kukasamba, chipinda chitsala chokha, iye azula nthambo mwakachetechete, zithunzi azitolanso ku ofesi, ndipo palibe adzadziwe kuti zinafufutidwapo. Maganizowo anali okoma, ndipo anabweza chitseko. Nthawi yomweyo filiji inayambanso kung'ung'udza, azakhali n'kuombera m'manja aHedi ngati abweretsa mvula.

Zengerezu analinda kwawukwawu. Mzime mwambiwu ankaudziwa bwino, ankakonda kumuponyera mlongo wake.

Amayi anamupeza pakhonde.

"Wachipeza?"

"Alamu agona, amayi. Akadzuka."

"Asiye agone, mwana wa eni ake watopa." Anakhala pambali pake, namugwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira ndi lopepuka. "Ukudziwa, tsiku la chithunzicho bambo ako anakana kujambulidwa. Anati malaya awo ndi ong'ambika pakolala. Ndiye mlongo wako analira, analira, mpaka anamunyamula kuti atonthole, wojambula n'kungodina. Iwe n'kuti usanabadwe, tisanakuganizire n'komwe."

"Munandiuzapo, amayi."

"Ndikuuzanso, kodi pali msonkho? Chondivuta n'chakuti masiku ano ndikatseka maso, bambo ako ndimawaona ali odwala basi, atawonda, ali pabedi. Nkhope yawo yaunyamata ija inandithawa. Ndikachiona chithunzicho imabwerera. Ndiye ndikuopa kuti mlongo wakonso..." Sanamalize. Anangofinya mkono wa Mzime.

Anapitiriza kusimba, za malaya aja, za njinga imene bambo anagula osadziwa kukwera, za mmene malemu ali mwana anamasulira wotchi ya pakhoma n'kuibwezera zomangira zitatsala m'manja. Mzime ankavomera, maso ali pamthunzi wa chipilala cha khonde, umene unkafupika pang'onopang'ono. Kubafa sikunapite madzi. Chitseko cha alamu sichinalire. Akanatha kunena kuti, amayi dikirani, n'kunyamuka. Sananyamuke. Ndipo choonadi n'chakuti dzanja la amayilo analikondwera nalo, chifukwa linamupatsa chonamizira. Mthunzi unalowa pansi pa chipilala iye ali chikhalire, akudziuza kuti mwina wotchi ya kamakinako ikutsalira.

Amayi atatopa n'kukagona pamkeka, Mzime anapitanso pawindo lija. Sanafunike kutchera khutu. Disiki inali ikukukuta, kuru kuru kuru, ngati khoswe ali m'thumba la chimanga, ndipo sankadziwa kuti yayamba liti.

Mantha a anthu aja anamuthera pomwepo, koma mochedwa. Anathamanga, nadutsa pabalaza, nawomba mwendo wa aHedi mpaka nyuzipepala kuuluka, nakankha chitseko. Anakwera pabedi ndi maondo, kudumpha miyendo ya alamu, nagwera pakona, n'kuzula nthambo kumsana kwa kamakinako. Kukukuta kuja kunaleka. Kanyali kanazima.

"Mwaona! Mwaona zimene ndimanena zija!" AHedi anali pakhomo, magalasi ali m'manja, azakhali atadzaza kolido kumbuyo kwawo. "Masana ano, anthu tili maso!"

Alamu anadzuka nakhala tsonga. Anayang'ana Mzime, amene anali chigwadire pakona, nthambo ili m'manja.

"Achimwene, tsekani chitseko. Tisiyeni kaye."

"Koma iwe, sukuona kuti..."

"Ndati tisiyeni."

Chitseko chitatsekedwa, Mzime ananena zonse. Sanadzikometsere. Anafotokoza za pulofailo yaikulu, za akaunti, za chopukuta chimene anachikakamira chaka chatha. Alamu za mapulofailo ankazidziwa pang'ono, atakhala zaka zonsezo akumvera awiriwo akukangana patebulo lawo lodyera, moti sanafunse zambiri. Funso lawo linali limodzi.

"Unadziwa liti?"

Limenelo ndi limene Mzime ankaliopa.

"M'mawa, alamu."

"M'mawa."

"Ndinafika pachitsekopo. Ndinatsegula. Munali mutagona, ndiye ndinaopa kuti... ndinaopa kuti anthu anena kuti ndikufuna kulanda kampani."

"Ndiye unasankha kuti anthu asakunene."

Alamu ankasisita kolala ya jekete ija ndi chala chachikulu. Sanalire, ndipo Mzime akanakonda akanalira, kapena kumumenya mbama.

"Tsegula uone chatsala," anatero pomaliza.

Mzime anakatenga laputopu ndi zomasulira, akudutsa pakati pa anthu amene ankamupatsa njira ngati ali ndi nthenda yopatsirana. Anamasula kamakinako, natulutsa disiki ikadali yofunda, nailumikiza ku laputopu, n'kuyambitsa pulogalamu yotolera zofufutidwa. Ntchito imeneyo siifulumira. Anakhala pansi, msana kukhoma, alamu ali pabedi. Panja anthu anadya, mbale zinatsukidwa, mwana wa malemu anamveka akuseka kwa aneba kumene anamutumiza kuti azikasewera.

Dzuwa litapendeka zithunzi zinayamba kutuluka pasikirini, zopanda mayina, zosakanikirana. Mwanayo ali ndi yunifolomu ya sukulu. Malemu akupenta khonde. Malemu atagona pampando, pakamwa pali yasa, chimene alamu anamujambula mwakuba. Mtima wa Mzime unayamba kukwera, ndipo anatsika nazo mofulumira, kufunafuna za mtundu wakale zija, zofiirira m'mbali. Anafika kumapeto. Anabwerera pamwamba nayambanso.

Chopukuta chinali chitayambira kumayambiriro kwa disiki, kumene kunali zinthu zimene zinalowa poyamba. Chinadya zakalekale za amayi zonse. Chinadya ukwati. Chinadya mwana ali wakhanda, mpaka pamene anayamba kuyenda. Chikanazimitsidwa m'mawa, sipakanasowa ngakhale chimodzi.

"Za ukwati palibe," anatero Mzime. Mawu anatuluka ngati a munthu wina. "Za bambo palibenso."

Alamu anatseka maso, nagwedeza mutu kamodzi.

Pachitseko panagogodedwa, ndipo asanayankhe aHedi analowa, amayi ali pambuyo pawo akuyenda mogwira khoma.

"Taleza mtima mokwanira," anatero aHedi. "Anthu akufuna kudziwa chimene chikuchitika m'nyumba muno. Makina a malemu amasulidwa chifukwa chiyani, ndipo walola ndani?"

"Mzime," anatero amayi, akuyang'ana zomangira zimene zinali mbwee pansi, "chithunzi chija chilipo?"

Mzime anadzuka. Anali atakonzeka tsopano, ndipo mwina ankafuna kumene kuti amunene, kuti amutukwane pamaso pa onse, katunduyo apepukeko. Anatsegula pakamwa. Dzanja la alamu linamugwira paphewa, zala zikulowa mpaka kuwawa.

"Amayi, mundikhululukire," anatero alamu. "Chithunzi chija palibe. Zakale zonse zapita, ndi za ukwati wathu zomwe. Ndine ndachititsa. Dzulo foni ija itandisowetsa mtendere, ndinamuuza Mzime kuti achotse dzina la mwana wanu m'makina onse, ndisalimvenso likuitanidwa. Anandichenjeza kuti tidikire, ine ndinakakamira. Lero amathamangira kupulumutsa zotsala, n'chifukwa chake anagwera muno ngati wamisala."

"Alamu..." anayamba Mzime. Zala zija zinafinyanso.

AHedi anayang'ana mlongo wawo, nayang'ana Mzime, nayang'ana pansi. Anatsokomola.

"Nanga bwanji simunanene m'mawa muja, achemwali? Ine ndikanakutsekerani njira?"

Anaima pang'ono, kenako anatuluka, ndipo m'kolido munamveka mpando ukukokedwa kubwerera pabalaza.

Amayi sanakalipe. Anangoti, "Oo," motsitsa, ngati munthu amene wauzidwa kuti basi yapita. Anayang'ana pasikirini, pamene panali malemu akupenta khonde, nakhudza galasilo ndi nsonga ya chala.

"Usadzizunze, mwana wanga," anauza alamu. "Chisoni chimachititsa zambiri." Anatembenuka natuluka pang'onopang'ono, ndipo Mzime anaona kuti msana wawo wawerama kuposa m'mawa.

Atatsala awiri, dzanja lija linachoka paphewa.

"Alamu, mwanamiranji? Ndipita ndikawauze zoona."

"Ukawauze kuti mtima wako upepuke, amayi atsale ndi mwana mmodzi, yemweyonso akulephera kumuyang'ana? Khala pansi." Mawu awo anali ouma. "Ndipo usandithokoze. Sindinakukhululukire. Mwina ndidzatero, koma si lero."

Mzime anaweramitsa mutu.

"Ukukumbuka tsiku lija maseva a kuchipatala anazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, odwala n'kumalembedwa pamapepala?"

Ankakumbuka. Wolakwa anali iye, ndi mzere umodzi wa malangizo umene anaulemba mothamanga asanapite kukadya. Ankakumbukanso kuti anadikira sabata yonse kuti a kuchipatala amuitane, koma sanamuitane, ndipo anaganiza kuti anali anthu omvetsa zinthu.

"Achimwene ako anapita okha," anatero alamu. "Anakawauza kuti alakwitsa ndi iwo. Anawakalipira pamaso pa manesi ngati mwana, anabwera kuno osafuna n'chakudya chomwe. Ndinawafunsa kuti, bwanji osangonena kuti ndi Mzime? Anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiponso mwanayo mawa akuyenera kukalowa pakhomo lomwelo mutu uli m'mwamba. Anandiletsa kukuuza. Sikanali koyamba, ndipo sikanali komaliza."

Misozi imene Mzime anaisunga tsiku lonse inatsika yokha. Sanaipukute.

"Ine si iwo," anatero alamu. "Ine ndimasunga zinthu kukhosi. Koma m'nyumba muno ndi mmene timachitira, ndipo lero iwo kulibe."

Anapinda jekete ija naiika pamtsamiro. Kenako anasendera kukhoma, nasalaza ndi dzanja mbali ya bedi imene inatsala yopanda mwini.

"Bwera nayo apa laputopuyo. Undionetse zotsalazo, chimodzichimodzi. Usathamange."